Kalongonda wa Alamu Anga

Kufupi ndi Mishoni,
Mulanje.
22 Julayi, 2024.

Okondedwa achemwali anga a Sabina,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi anzanu a kusaluni. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chatipanikiza ndipo bondo la amayi lija layambiranso. Pepani kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Foni yanga ili pansi pa madzi, nkhani yake muimva m'munsimu. Ndikanabwereka ya amake Pilirani, koma mukuwadziwa, amaima pomwepo kumvetsera, ndipo izi si zoti mudzi umve. Ndapatsira a Dan amene akubwera kumeneko ndi nthochi.

Ndiyambe ndi chachikulu ndisanasochere. Alamu a Hopewell atenga thumba la kalongonda wouma. Akufuna kukaphika Lamlungu likubwerali kunyumba kwa amayi awo, inu muli kutchalitchi, kuti akudzidzimutseni. Chonde, achemwali, aliyense asalawe. Akakuuzani kuti amalume anadya n'kuyamikira, n'zoona, koma si zoona zonse.

Munandiuza kuti, "Elena, alamu ako amakonda zakale. Uwaonetse kwathu, ndipo amalume a Ambrosio akawaone kuti ndi munthu, poti ndi iwo ovomereza ukwatiwu." Ine ndinavomera. Sindinkadziwa kuti munthu angakonde zakale mpaka kuiwala kuti mnzake ali ndi miyendo.

Lachinayi ndinakawachingamira pa Chitakale. Anatsika minibasi atavala zinsapato zokwerera phiri ndi chipewa chachikulu. Phiri lonse linali litabisala mu nkhungu.

"Mlamu, phiri lija lili kuti?"

Ndinaloza.

"Nanga lituluka nthawi yanji?"

Achemwali, ine ndingadziwe bwanji? Ndine mlonda wake ngati?

Atasiya chikwama kumalo ogona alendo, anandizunguliritsa pa Boma ponse. Nyumba iliyonse ya malata adzimbiri akuti ndi ya atsamunda, ndiwauze chaka chimene inamangidwa. Ine wa Sitandade 7! Anafunsa mayi wina wogulitsa zitumbuwa ngati agogo ake anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique. Mayiyo anangoti, "Mugula kapena mukulemba kalembera?" Ine ndinkangoyang'ana zala zakumapazi. M'munda wa tiyi anabwereka dengu kwa mayi wina wothyola kuti ajambulitse, ndipo anathyola masamba okhwima okhaokha mpaka mwini dengu anawalanda.

Kenako akuti tipite ku Dziwe la Nkhalamba. Foni yawo inali itatha moto chifukwa chojambula makoma, ndiye anati ndiwajambule ndi yanga. "Bwerera m'mbuyo, mlamu, mathithi atuluke onse. Pang'ononso. Pang'ononso." Mwala unali woterera. Ine ndinapulumuka, foni ayi. Anafuna kuvula kuti adumphiremo, anthu anachita kuwagwira. Anapepesa njira yonse, ine n'kumati, "Palibe kanthu, alamu." Kanthu kalipo, achemwali.

Titafika kunyumba, amayi anachita monga mwa mwambo, anazembera kuseri kwa nthochi. Alamu kuwatsata, dzanja lili patsogolo: "Amayi! Amayi! Ndine Hopewell!" Amayi ndi bondo lawo lija kudumpha mizere ya chinangwa ngati mtsikana. Ndinachita kuwakoka malaya alamuwo n'kuwanong'oneza kuti kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, ngati pali mawu amadzera mwa munthu wina. Ndinkayesa achita manyazi. Anasangalala zedi, akuti, "Chikhalidwe chake n'chimenechi!" Anthu obadwira m'tauni ndi ovuta kuwamvetsa.

Lachisanu anati akufuna kuona malire. Tinakwera mpaka pa Muloza, anayang'ana tsidya la Milange nthawi yaitali, anacheza ndi akabaza onse, anaphunzira "obrigado", zikomo wa Chipwitikizi, n'kumauza aliyense, ngakhale mbuzi. Pobwerera tinaima pa msika wa Limbuli, ndipo mpamene anaona kalongonda wouma. Sanamuonepo chibadwire. Wogulitsa atawauza kuti n'chakudya cha Alomwe, anagula matumba awiri, lina lophika kuno, lina lopita nalo.

"Mawa ndiwaphikira amalume ndi manja angawa," anatero, "aone kuti sindine mlendo."

Ndinayesa nthabwala.

Loweruka m'mawa ndikusesa, ndinangoona atulukira pa kabaza, atanyamula tomato, anyezi ndi botolo la mafuta. Anapempha mphika, anakoleza moto okha pabwalo, n'kutereka kalongonda ngati nyemba. Inu mukudziwa mmene amaphikidwira: kuwiritsa, kusenda makoko, kutsuka, kuwiritsanso, kutaya madzi mobwerezabwereza mpaka ayere, dzuwa kutuluka mpaka kulowa. Iwo ayi. Madzi atada bii ngati oyilo wa galimoto anati, "Msuzi wake ndi umenewu," n'kudulira tomato momwemo.

Amayi anandiitana pazenera. Nkhope yawo sindinaionepo ili choncho.

"Elena, kawauze ataye madziwo."

Ndinapita. Koma apo n'kuti anthu atadzaza kale kumpanda, akuonera mwamuna wa ku Lilongwe akuphika. Azimayi anali atagwira pakamwa, akugwedezana ndi zigongono. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawachenjeza, aliyense akuti ndi mlendo wa eni ake. Ndinaima pambali pawo.

"Alamu, madziwo..."

"Usavutike, mlamu, lero upume. Nyemba ndinayamba kuphika ndili ku koleji."

Ndinabwerera pazenera.

"Wawauza?"

"Ndayamba."

"Wayamba! Bwerera!"

Ndinayenda ngati nyerere pakati pa zenera ndi mafuwa. Ulendo wina ndinalimba mtima n'kunena kuti, "Alamu, ameneyu amazunguza mutu." Anaseka, akuti, "Ndiye bwino, amalume sakafunanso mowa." Kumpanda kuja anthu anaseka nawo, koma iwo ankaseka zina.

Achemwali, mundimvetse. Ndikananena mokweza kuti chimene akuphikacho ndi poizoni, dzuwa lisanafike pamutu nkhani ikanafika kwa amalume kuti mkamwini wabwera kudzawapha. Mukudziwa mmene nkhani imakulira kuno, ndipo dzina lotero silichoka pa munthu mpaka kumanda. Ndikanakhala chete, amalume akanafika masana n'kupeza mbale ya madzi akuda. Kudya sakanadya, ndipo akanati munthu wosafunsa ngati ameneyu sangasunge mwana wa mlongo wawo. Mbali zonse ukwati wanu unali mumphikamo.

Ndiye ndinanama. Ndalemba mawu amenewa n'kufufuta, n'kulembanso, chifukwa ndi oona. Ndinati, "Alamu, kumtsinje kuli mwala umene makolo athu anapumirapo atangofika kuchokera ku Mozambique. Mutsate njira ya m'nsungwi, mukaona wosalala ndi womwewo. Moto ndisonkhezera ndine."

Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Ndipo sunandiuze masiku onsewa?"

Ndi mwala wathu wochapira uja.

Atangopita, anthu a kumpanda anawatsatira kuti akaone kumene akuthamangira. Ine ndinanyamula mphika, ndinakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi n'kukwirira zonse kuti nkhuku ndi nkhumba zingafukule. Kenako liwiro kwa amake Pilirani, amene anali ataphika wawo dzulo lake kuti akagulitse pa Mishoni. Anandifunsa mafunso ambirimbiri, ine n'kungotenga kalongonda wawo n'kuthamangira kunyumba. Ndinatsuka mphika ndi mchenga, ndinakazinga tomato wotsala n'kuthiramo kalongonda wa eni ake uja. Chifukwa cha changu ndinapsa chala.

Alamu anabwera buluku litanyowa mpaka m'maondo, maso akuwala.

"Mlamu, mwala umene uja wasalala chifukwa cha mibadwo ya anthu okhalapo. Ndipo uli ndi kafungo kakekake."

Ndi sopo, achemwali.

Anavundukula mphika. "Taona, wayera yekha. Suja ndinati usavutike?"

Amalume anafika masana atavala jekete lawo la kumaliro ndi kuukwati lija. Anapatsana moni bwinobwino, alamu anagwada monga ndinawaphunzitsira. Mbale itabwera amalume anaiyang'ana kaye, anatola kamodzi, anatafuna pang'onopang'ono.

"Kalongonda wa tomato. Izi ndiye za ku Lilongwe. Mwaphika nokha?"

"Ndekha, amalume."

"Munayamba liti?"

"M'mawa womwe uno."

Amalume anasiya kutafuna. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pamkeka. Kenako anati, "Mmm. Manja anu ndi achangu, bambo," n'kumaliza mbale yonse.

Ndikuwaperekeza, titafika pa mtengo wa mapeyala paja, anaima.

"Iwe, mchere umene uja ndi wa amake Pilirani. Kalongonda wawo ndinayamba kudya iwe usanabadwe."

Ndinayamba kulira.

"Ukuliranji? Munthu woti wangofika dzana, koma apongozi ndi mlamu akumubisira kale manyazi chonchi, ine ndine yani kuti ndimukane? Ankhoswe ake abwere. Koma wina amuuze asanatiphere anthu."

"Muwauze ndinu, amalume."

"Ine ndayamikira kale pamaso pake. Ndimeze bwanji mawu anga? Umuuze ndiwe."

Mwaona? Aliyense akuti Elena. Elena amene ngakhale kutchalitchi amalephera kuwerenga vesi.

Ndinabwerera nditatsimikiza kuti ndiwauza. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atafulatira chitseko mwaulemu, amayi ali mkati. Anati, "Mlamu, undifunsire kwa amayi, ngati sikulakwa. Iwo anabwera bwanji kuno?" Ndinkayesa amayi sayankha, poti ife sanatiuzepo. Koma anayamba, m'Chilomwe, motsitsa mawu, ine n'kumamasulira.

Akuti anali kamtsikana pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anathawa kumudzi kwawo kuseri kwa Milange ndi agogo, amalume a Ambrosio, ndi mlongo wawo wamng'ono dzina lake Americo. Kodi inu munkadziwa kuti tinali ndi amalume ena? Ine ayi. Akuti m'tchire munalibe chakudya china koma kalongonda wa m'minda yosiyidwa. Moto sankauyatsa nthawi yaitali poopa kuti asilikali aona utsi. Tsiku lina Americo njala itamupweteka anavundukula mphika agogo atapita kukasaka madzi, n'kudya wosapsa. Anasanza, anabwebweta, ndipo anali wofooka kale ndi njala. Mtsinje wa Muloza anawoloka atatu.

Achemwali, ndikuganiza kuti amayi ankafuna kuwachenjeza alamu mwa njira yawo, poti pamaso sangathe. Koma pamene ndinafika pa za mphikazo ndinazilumpha. Ndinangoti, "Akuti mwanayo anadwala panjira." Amene ndinadula uthengawo ndine.

Alamu sanatulutse foni, sanafunse chaka. Anavula chipewa chija n'kuchiika pabondo, ndipo ndinaona akupukuta m'maso. Patapita nthawi anati, "Ndiye kuti kalongonda ndi amene anawafikitsa kuno. Ndikawaphikira amayi anga Lamlungu, adziwe kumene Sabina anachokera. Usamuuze, mlamu."

Ndikanayambira pati?

Dzulo m'mawa atabwera kudzatsanzika ndinabisa thumba lija kuseri kwa chitseko kuti mwina aliiwala. Analiiwaladi, koma anakumbukira ali pa msewu, n'kubwerera pa kabaza kudzalitenga. Pa siteji ndinatsegula pakamwa, kondakitala anawakankhira mkati, ndipo ndinangoona dzanja likubayibitsa pazenera, thumba lili pamiyendo. Phiri linatuluka lonse minibasi itangokhota.

Tsono ndikupempheni. Muwauze ndinu, muli awiri, pasakhale amayi awo kapena anzawo. Muwauze zonse, za mphika ndi za Americo, poti ine ndinalephera. Musawakalipire. Ndi munthu wotopetsa kwambiri, mapazi anga ali ndi matuza mpaka lero, koma pa anthu onse amene analowapo pakhomo pano palibe anafunsapo amayi funso limene lija. Za mwala muone nokha. Akuti pa Khirisimasi abwera ndi anzawo a kuntchito kudzauona, ndipo sindikudziwa kuti ndizikachapira kuti. Za foni musawakumbutse, koma akakumbukira okha musawaletse.

Amalume akupereka moni, akuti ankhoswe asachedwe mpaka mvula. Amake Pilirani akupereka moni, akufunsabe. Amayi ndawawerengera kalatayi yonse, ngakhale pamene ndinadula mawu awo. Sanandikalipire. Angoti ndilembe izi mmene anenera: mupereke moni kwa mwana wawo Hopewell. Abwerenso mwezi wa Okutobala phiri likamaoneka. Akuti adzatereka mphika mbandakucha, iye adzakhale pakhonde atafulatira monga anachitira, azidzamva yekha madzi akutayidwa mpaka madzulo, ndipo adzamuuza zotsala za ulendo uja. Akuti tsiku limenelo adzalankhula m'Chichewa, ine ndidzapume.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Elena.