Kamwana ka bulu kakuwonda

Achimwene a Yafeti,

Mukatuluka kumgodi musandifunefune, ndathamangira kufamu kukaitana amalume a Gadi, paja amasamala mahatchi a mzungu. Kamwana ka bulu wanu kagwa kawiri m'mawa uno. Nthiti zikuchita kuwerengeka, ubweya wanyankhalala, koma sikakutsegula m'mimba, ndipo make ndi wonenepa bwinobwino. Ine mutu waima!

Che Amisi akuti ndi njoka za m'mimba. Mai Vainess akuti akalodza ndi a Samueli, koma mayi amenewo mukuwadziwa, ngakhale mvula ikachedwa amati ndi a Samueli.

Kefiyu yoletsa kuyenda usiku ija ikandipeza ndigona komweko, musandilondole, asilikali ali pamsewu. Kamwanako ndakafunditsa bulangeti lanu, pepani, fungo lake silingapose la majombo anu.

China sindinakuuzeni. Chiyambire chifuwa chokoka mtima m'komboni muno, mukangopita kuntchito azimayi amabwera ndi makapu kudzakama make wa kamwanako, akuti mkaka wa bulu umachiritsa ana. Ndikanawakaniza bwanji, poti nkhani zonse za m'komboni ndimazimvera pomwepo? Komatu timakapu chabe tingawondetse bulu?

Maiwe! Nanga kamwanako kakuyamwa chiyani? Akabwera mawa ndisanafike, musawapatse kaye. Muwauze kuti mwakana ndinu, osati ine.

Alefa