Maliro a Feliks ndi Tadek

Chicago, Novembala 1929

Okondedwa achimwene a Ignacy,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Kuno chisanu chayamba, koma ine ndi mwana wanga Halina tilipo.

Amuna anga a Feliks anatisiya. Paja ankagwira ntchito ya boma yolanda mowa, poti kuno ndi woletsedwa. Mng'ono wanu Tadek ndiye ankayendetsa lole ya zigawenga zofulula mowawo.

Lamulungu lina Tadek anabwera kwathu. Anadya kabichi ndi soseji mpaka kunyambita zala, Halina ali pamiyendo pake. Kenako anandifunsa akuseka kuti alamu ake amameta kuti, akuti naye akufuna kuoneka ngati bwana. Ndinamuuza. Sabata yomweyo, masanasana, a Feliks anawawombera ali pampando wometera, thovu la sopo lili kumaso.

Kumaliro Tadek anabwera ndi maluwa aakulu kuposa a wina aliyense. Anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti, "Pepa Pela, koma alamu akanangophunzira kumwa ngati anzawo, bwenzi lero ali moyo."

Sindinalire. Ndinapita kwa anzawo a kuntchito a malemu kukawalozera nyumba yomwe zigawengazo zinkafululira mowa. Anagumula chitseko ndi lole, mowa n'kuyenderera mumsewu. Tadek anamugwira, koma m'mawa mwake woweruza anamumasula, poti nayenso amamwa momwemo. Tadek anadutsa pakhomo panga akuimba likhweru.

Ndiye ndinalowa m'sitolo ya buledi momwe mumagula akazi a zigawengazo, n'kunena mokweza kuti Tadek watuluka msanga chifukwa ndi iye anaulula za nyumba ija kwa apolisi. Mayi wogulitsa amvekere, "Iwe Pela, ukudziwa chomwe wachitachi? Ujatu ndi mlongo wako!" Ndinangowauza kuti andikulungire buledi wanga ndizipita.

Sipanatenge nthawi. Tadek anamuvuula atafa m'ngalande ya kuseri kwa malo ophera ng'ombe, manja atamangidwa ndi waya. Apolisi atandiitana kuti ndikamuone, ndinati nkhopeyo sindikuidziwa. Anakamuika kumanda a anthu opanda abale.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi musawanamize kuti anafa ndi chibayo. Muwawerengere kalatayi yonse, pang'onopang'ono, osadumpha mawu. Ndi iwo ankatikwapula ifeyo Tadek akalakwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali a Rozalia ndi ana onse. Amayi muwapatse moni mukamaliza kuwerenga.

Ndine mlongo wanu,
Pelagia