Udzu wa Denga la Amayi

Okondedwa alongo anga,

Muli bwanji ku Kitweko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno ku Msoro tili bwino, kungoti Amayi mawondo akuwavutabe.

Sabata latha ndinawaperekeza kudambo kukamweta udzu wa tsekera, poti denga la nyumba yawo limadontha. Tinangopeza phulusa lokhalokha. Osaka mbewa anatentha tchire azimayi tisanamwete, zomwe kale sizinkachitika. Kumtunda kuja kunalimidwa thonje, ndipo mitengo ya tsanya ija inatha ndi makala. Tinayenda mpaka kunjira ya njovu, koma kumeneko kwangomera minga basi.

Amayi sanakalipe. Anapeza tsinde limodzi lopulumuka kuseri kwa chulu, n'kupulula njere zake, n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Ndinawafunsa kuti, "Nanga zimenezo n'zachiyani, Amayi?" Iwo anati, "Ndikafesa kuseri kwa nyumba, kuti adzukulu anga adzaudziwe."

Chonde bwerani mvula isanagwe, tidzaone chochita ndi dengali. Mulungu akusungeni nonse. Koma mukadzafika musadzaseke, alongo anga: kwanu kuno tayamba kufesa udzu ngati mapira.

Ndine mlongo wanu,
Esnati