Bokosi la a Profesa Likumbi Liyende Molunjika

Kuchokera ku Bungwe la Tiyendenso, m'boma la Rufunsa

Kwa amayi Leah Likumbi, ana, akuluakulu a banja a ku Chinyunyu ndi a ku Shikabeta, ndi onse amene asonkhana pa maliro

Ife a Bungwe la Tiyendenso, anthu amene miyendo ndi manja zinatikana chifukwa cha sitiroko, ngozi ndi matenda ena a ubongo, talandira ndi mtima wosweka uthenga wakuti a Profesa Fanwell Likumbi, mlangizi wathu ndiponso tate wa bungwe lino, atisiya Lachiwiri lapitali m'chipatala ku Lusaka. Tinkadziwa kuti akudwala, pakuti iwo eni sanabise, koma kudziwako sikunatithandize kanthu pamene foni inalira, ndipo ena mwa ife amene tinaphunzira kuimirira titagwira dzanja lawo tinangokhala pansi pomwepo.

A Profesa anabadwira ku Shikabeta, ndipo maphunziro anawatenga kuchoka kumeneko mpaka m'mayunivesite a kutsidya la nyanja, kumene anathera zaka zambiri akufufuza ubongo. Monga ankatifotokozera, ubongo uli ndi timitsempha tosawerengeka, ndipo pamene kamtsempha kakumana ndi kanzake pali kamphambano kamene uthenga umadumphira. Ntchito ya moyo wawo inali kufufuza mmene timphambano timeneti timalimbira kapena kufookera malinga ndi zimene thupi likuchita mobwerezabwereza, makamaka m'kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamene kamawongola mayendedwe athu ndi kutithandiza kufikitsa kapu pakamwa osataya madzi. Ankati kaubongo kameneka kamaphunzira pa zolakwa: phazi likaponda molakwika, kamphambano kamene kanalisocheretsa kamafooka, kena n'kulimba, mpaka munthu ayende osaganizira za kuyendako. Zolemba zawo zinawerengedwa m'mayiko ambiri, anaitanidwa kukalankhula kumisonkhano ya akatswiri anzawo, ndipo ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo lero ndi madokotala ndi aphunzitsi kuno ndi kunja. Kwawo ku Shikabeta kokha ndi kumene ulemuwo unachedwa kufika, chifukwa akuluakulu atamva kuti mwana wawo amatha tsiku lathunthu akuyang'ana mbewa zikuyenda pa kamakwerero, anafunsa chimene anawolokera nyanja, poti mbewa kumunda kwawo zinalipo, ndiponso zonenepa.

Atapuma pa ntchito anabwera kudzakhala ku Chinyunyu, ndipo tisanamizane pa maliro pano, sanalandiridwe ndi manja awiri. Munthu amene amati ntchito yake ndi ya ubongo, amene amagwira odwala kunkhongo ndi kuwauza kuti aloze mphuno yawo ndi chala, anthu anamuyang'ana cham'mbali. Tsiku limene anathira mzere wa phulusa pabwalo la tchalitchi, kuti odwala aziyenda potsata mzerewo phazi kutsogolo kwa linzake, amayi ena anakoka ana awo kuti asaulumphe, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika pamsika wa ku Rufunsa kuti a Profesa atchera mankhwala pakhomo la Mulungu. Iwo anangoseka, m'mawa mwake n'kuthira mzere wina. Ine amene ndikulemba uthengawu sitiroko inandigwetsa ndili m'kalasi, choko chili m'manja, ndipo pa mzere wa phulusa umenewo ndi pamene ndinaphunzira kuyenda kachiwiri, ndikugwa ndi kudzuka, iwo ali pambali akundiuza kuti kugwa kulikonse kaubongo kanga kakulemba.

Chimene chinawakankhira ku ntchito imeneyi anatiuza okha, pamsonkhano wa bungwe, m'tchalitchi modzaza anthu, pamene miyendo yawo inali itayamba kale kuwasocheretsa. Anaimirira atagwira benchi, nati: "Ba mayi banga sibanamwepo moba olo kamozi, koma munzi onse unali kubaitana chakolwa chifukwa benze kuzandila. Manje na ine yanigwila. Ni matenda ya kaubongo kamene aka, ili mu magazi yatu. Izanilanda mendo, izanilanda na kumeza. Ikafika siku, musakafune-fune muntu." Ambiri a inu amene mukhale mukumva uthengawu munalipo, ndipo ena munaomba m'manja.

N'chifukwa chake, amayi Leah ndi inu akuluakulu, mutikhululukire kuti m'kalata ya chipepeso tikulowetsamo nkhani imene siyenera kukhalamo. Takhala tikumva manong'onong'o kuyambira pamene thupi linafika, ndipo tikadakhala chete tikadakhala anthu osayamika.

Munthu amene akunenedwa m'manong'onong'owa ndi amayi Ketrina, mlamu wawo wa a Profesa, amene mwamuna wawo, malemu a Festus, anali mng'ono wawo wa malemuwa. Akuti a Profesa anamwa chibwantu, chakumwa chija cha chimanga chonga thobwa, pakhomo pawo, n'kugwa, osadzukanso, choncho m'kapumo munali kanthu. Ine ndinalipo tsiku limenelo, pamodzi ndi mlembi wa bungwe lathu, amayi Prudence, ndipo ndikulemba zimene maso anga anaona. Madokotala anali atawauza a Profesa kuti azimwa chibwantu chosefa, chifukwa kumeza kunali kutayamba kuwavuta, ndipo amayi Ketrina ndiwo ankawasefera tsiku ndi tsiku. Masana amenewo a Profesa anakankha kapu, nati: "Mulamu, nalema na chibwantu cha bana. Nipaseniko cha misele, chamene tinakulila." Amayi Ketrina anakana, a Profesa anaumirira, ndipo amene munawadziwa mukudziwa kuti kukangana nawo kunali kutaya nthawi. Anatungirwa chosasefacho mumphika womwewo umene ine ndi amayi Prudence tinamweramo. Anatsamwa, zina zinalowa m'mapapo, chibayo chinawagwira, ndipo ndicho chimene madokotala a ku Lusaka anauza banja. Ife awiri amene tinamwa nawo tili moyo.

Ngakhale zili choncho, tikuona zinthu zimene zikutidetsa nkhawa. A Cephas, mwana wa mlongo wawo wa malemu, amene pa zaka zonse za kudwala kwa amalume awo sitinawaonepo akuwagwira mkono, afika ndi anyamata achilendo amene palibe wa ku Chinyunyu akuwadziwa, ndipo alengeza kuti amenewa ndiwo adzanyamule bokosi Loweruka. Amveka akunena pagulu la azibambo kuti, "Musavutike, bokosi izakamba yeka. Izatipeleka pa nyumba ya wamene anachita." Mwambo umenewu, wakuti bokosi limakana njira ya kumanda, n'kuyamba kukoka olinyamula mpaka likagunde chitseko cha munthu, tonse tinaumva, ndipo tikudziwa zimene zimachitikira mwini chitsekocho anthu akakwiya. Sitikufuna kuweruza a Cephas, pakuti nawonso ataya amalume awo. Koma tili ndi mafunso, ndipo tiwafunsa poyera. Anyamata amenewa dzulo anaima pa matebulo a mumseu waukulu n'kufunsa amayi ogulitsa tomato kuti nyumba ya a Ketrina ndi iti. Ngati bokosi likudziwa lokha kumene likupita, olinyamula akufunsiranji njira? Ndipo n'chifukwa chiyani mmodzi wa iwo anaoneka akuzungulira malo a amayi Ketrina, malo a m'mphepete mwa mseu pafupi ndi akasupe otentha, akuponda malire ake ngati munthu amene wauzidwa kuti posachedwa adzakhala opanda mwini?

Amayi Ketrina sanaponde pa nyumba ya maliro. Ndinapita kukawaona, ndinawapeza atatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo, ndipo anandiuza ali m'kati kuti: "Ba Whiteson, nikapita ku malilo bazakamba ati nabwela kuseka. Nikankala pano bazakamba ati nabisala. Manje nichite bwanji? Ine nifuna chabe kulila mulamu wanga." Ameneyu ndi mayi amene m'mawa uliwonse ankagwira a Profesa m'khwapa kupita nawo ku akasupe ndi kubwera nawo, amene anaphunzira kuyenda pa liwiro lawo, amene amadziwa mbali yoimira kuti munthu wodzandira asagwe. Ndipo popeza matendawa ali m'magazi a banja, monga malemu ananenera, tsiku lina wina mwa inu adzadzuka miyendo ikumusocheretsa, ndipo adzafuna dzanja lodziwa ntchito imeneyi. Zikutipweteka kwambiri kuti mayi woteroyo lero akuopa kutsegula chitseko chake.

Pempho lathu ndi ili, ndipo tikulipereka titagwada. Lolani kuti bokosi la a Profesa linyamulidwe ndi ife, ana awo a Tiyendenso. Tikudziwa kuti ena aseka, poti ndife omwe aja okoka mwendo, oyenda ndi ndodo. Koma amuna athu amene analimba tawasankha kale, ndipo chiyambire Lachitatu akhala akunyamula benchi la tchalitchi, atalisenzetsa matumba a mchenga, kuchoka pa nyumba ya maliro mpaka kumanda ndi kubwerera. Poyamba benchi linkapendama, matumba n'kugwa, ana n'kumaseka m'mbali mwa njira. Anabwereza monga anatiphunzitsira mwini wake, ndipo dzulo anafika kumanda thumba lililonse lili pamalo pake. Adzayenda pang'onopang'ono, mwina alaliki adzatopa n'kudikira, koma sadzapatuka. Ndipo wina wa iwo akadzadzandira, palibe adzafunse chifukwa chake, poti matenda ake mudzi wonse ukuwadziwa.

Sitinathamangire kwa apolisi ku boma, chifukwa tikukhulupirira kuti mawu a akuluakulu a banja lino akukwanira, ndiponso sitikufuna kuti munthu amene dzina lake limatchulidwa mwaulemu kutsidya la nyanja aikidwe m'manda pakati pa zipolowe. Mwana amene anamva mayi ake akunenedwa za bodza chifukwa cha kudzandira, n'kupereka moyo wake wonse kuti afotokoze kudzandirako, sayenera kudzandiritsidwa m'bokosi kuti mayi wina anamiziridwe.

Amayi Leah, inu mwataya mnzanu wa zaka zambiri, ana ataya bambo, ophunzira awo kulikonse kumene ali ataya mphunzitsi, ndipo ife tataya munthu amene anatiimiritsa pamene abale athu ena anali atatiyalira kale mphasa ya kuseri kwa nyumba. M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, a ku Rufunsa, a ku Chinyunyu ndi a ku Shikabeta, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima, ndipo tikupempha Mulungu kuti akulimbitseni mawondo m'masiku ano, akupatseni tulo, ndiponso akupatseni mtima wonena mawu amodzi amene adzakhazike bata pa maliro a amuna anu.

Loweruka m'mawa tidzafika tonse, a ndodo ndi a njinga za olumala omwe. Tidzayamba tadzera kwa amayi Ketrina, tidzawatenga, ndipo adzayenda pakati pathu kumbuyo kwa bokosi, kuti alire mlamu wawo monga wina aliyense. Mukadzatilola kunyamula, tidzawafikitsa a Profesa kumanda molunjika. Mukadzapereka bokosi kwa alendo aja, bokosilo n'kutembenuka kufuna amayi Ketrina, lidzayamba lagunda ife.

Mzimu wa a Profesa Fanwell Likumbi uuse mumtendere, atagona pamalo pamene tidzawafikitse ndi manja athu.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Whiteson Kalekeni
Wapampando, Bungwe la Tiyendenso
Rufunsa