Firiji Yanga ndi Alendo a ku Nyenyezi

Lolemba, 6 Meyi

Ayi Mulungu ndi wamkulu! Kamagalasi wanga, mwana wa achimwene amene ndinkamupukuta mamina, lero pa TV! Kampani yake ija ya mbale zikuluzikulu zoloza kumwamba akuti yalankhula ndi alendo a ku nyenyezi. Ndipo alendowo akuyankha mawu a iyeyo basi, mabwana onse ayi. Ndalulutira musaluni mpaka ndawotcha kasitomala khutu.

Lachitatu, 8 Meyi

Kwabwera azibambo awiri a masuti, a kampani ina yolimbana ndi ya Kamagalasi. Winayo dazi ngwee, musaluni mwanga. Akuti, "Mayi, mauthenga a mawu amene mumatumizirana ndi mtsikanayu tikopereko, tikupatsani firiji." Yazitseko ziwiri! Ndawapatsa foni akopere okha. Mawu amatha ngati sopo?

Lachinayi, 9 Meyi

Madzi ozizira mpaka mano kuwawa!

Loweruka, 11 Meyi

Kamagalasi wabwera maso ali psu. "Azakhali, mwandigulitsa!" Akuti anthu aja akuulutsa mawu ake kumwamba, alendo amva Kamagalasi awiri, asokonezeka, angoti zii. Abwana ake akuti wapereka yekha mawuwo, ndiye alendo akapanda kumuyankha sabata ikubwerayi, ntchito yatha. Ndamupatsa madzi ozizira. Wakana.

Lachiwiri, 14 Meyi

Adazi abweranso, thukuta kamukamu. Akuti dzulo analakwitsa, anaulutsa uthenga wanga uja ndinkakalipira Kamagalasi: "Iwe! Ndikudziwa ukundimva! Yankha msanga, sindine mnzako!" Alendo anayankha pompo, mpaka kupepesa. Ndati ana onse ndi amodzi, kaya ali ndi miyendo ingati.

Akundifuna ineyo. Ine wa sitandade folo!

Lachisanu, 17 Meyi

Ndayamba ntchito! Mpando wozungulira, khadi pakhosi, chithunzi ndatuluka ngati wakuba. Ntchito yake kukalipira kumwamba basi, yomwe ndakhala ndikugwira ulere moyo wanga onse. Adazi amandibweretsera tiyi okha.

Kamagalasi amuchotsadi. Foni sakuyankha. Pankhomaliro ndati ndimukalipire ngati kale, chala chili kale pabatani la uthenga wa mawu pafoni. Koma ndakumbukira madzi aja anawasiya patebulo.

Ndangonena motsitsa, "Mwanangu, ndine. Za lendi usadandaule. Mwezi ukatha ndikutumizira ndalama, wamva?"