Pepala Limene Bambo Sanathe Kuwerenga

Lachinayi, 14 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwandiimbira kasanu ndi kawiri chiyambire Lolemba ndipo sindinayankhe. Foni sinawonongeke ayi, ndine ndimaopa mawu anu. Ndikudziwa kuti kakanema ka Bambo kanakupezani, poti aliyense akungotumizira mnzake. Inu mwaona mphindi ziwiri zokha. Ine ndinali m'situdiyomo, pafupi ndi tebulo lawo, ndiye ndiloleni ndikuuzeni zonse, ndi zolakwa zanga zomwe.

Maso a Bambo anayamba kufa zaka ziwiri zapitazo. Ndayamba ndi chimenechi chifukwa ndicho ndinakubisirani.

Ntchito yanga ku wailesi ya kanema mukuidziwa. Ndimayendetsa mawu pa kagalasi kali kutsogolo kwa kamera, kuti wowerenga nkhani aziwerenga uku akuyang'ana owonera. Nthawi ina Bambo, amene amawerenga nkhani za masana, anayamba kundiitana m'mawa uliwonse m'kachipinda kawo kovalira, amvekere, "Tandiwerengera nkhani za lerozi, ndimve mmene zikumvekera." Ine ndinkangoti ndi ukalamba, mukudziwa mmene amavutira pa nkhani ya katchulidwe. Tsiku lina ndinasokoneza, ndinaika pagalasi nkhani za dzulo lake. Ndinangoti basi ntchito yandithera. Koma Bambo anawerenga nkhani za tsikulo zonse, osaphonya ngakhale dzina limodzi, maso ali pagalasi pomwepo.

Titatuluka ndinawafunsa kuti, "Bambo, pagalasi paja panalembedwa chiyani?"

"Nkhani," anatero.

"Za liti?"

Kenako anandigwira dzanja nati, "Usauze munthu. Ngakhale mchimwene wako. Akangodziwa andikhazika pakhonde ngati mpando wothyoka."

Kuyambira pamenepo tinakhala akuba awiri. Ikakwana leveni koloko ndinkawawerengera nkhani zonse kawiri, iwo atatsinzina, chala chikugogoda pabondo. Nkhani khumi ndi ziwiri, mayina a anthu, manambala, zigoli za mpira, zonse zinkalowa m'mutu wa imvi uja n'kukhazikika. Kuchokera pachitseko kukafika pampando anawerengera kuti ndi mapazi khumi ndi asanu ndi anayi. Ikakwana wani koloko ankakhala pansi, n'kuvala mandala amene sankawathandiza kalikonse, n'kupereka moni kwa dziko. Achimwene, ine ndimagwira ntchito ndi achinyamata amene sangathe kuloweza ngakhale nambala ya foni yawo. Tsiku lililonse ndinkachita tsemwe, koma wouza ndinalibe.

Paja amati chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba kunagwa chimvula kuyambira m'mawa. Bambo ali pa nkhani yachisanu, chitseko chinatseguka, n'kulowa mayi wina amene amakonza nkhani, nsapato zili m'manja kuti asachite phokoso. Anakwawa pansi pa kamera, n'kuika pepala patebulo, kutsogolo kwa Bambo. Imeneyo ndiyo njira yathu ikabwera nkhani yadzidzidzi, ndipo m'zaka ziwiri zonsezi Mulungu anali atatibisa, sizinachitikepo pa nthawi yawo.

Bambo anamva pepala likukhudza zala zawo. Analinyamula, n'kulibweretsa pafupi ndi nkhope. Kenako zii. Pa kanema, munthu ukakhala chete masekondi atatu anthu amayesa kuti magetsi azima. Bambo anakhala masekondi khumi ndi awiri, ndinawawerenga. Pa kachipangizo ka m'khutu mwanga wotsogolera pulogalamu anali kukuwa kuti, "Awerenge! Auzeni awerenge! Chavuta n'chiyani kodi?"

Ndiye Bambo anavula mandala, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Mawu awo mwawamva, koma ndiwalembabe, chifukwa ndikufuna akhale papepala.

"Owonera, ndakhala nanu masana alionse kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo nkhani yabodza sindinakuuzenipo. Koma za maso anga ndakunamizani. Pepala ili sindikuliona. Amene walibweretsa wabwera akuthamanga, ndiye kuti muli moyo wa anthu, ndipo sindingapeke. Mwana wanga ali pompano. Iwe, tabwera."

Mtsikana wa juzi yakuthayo amene mwamuona akupunthwa pa chingwe ndine. Ndinagwada pambali pawo, n'kumawanong'oneza mzere umodzi umodzi, iwo n'kumaunena ndi liwu lawo lija lomwe tinkalimva tili ana, losanjenjemera n'komwe. Mlatho wa pa msewu waukulu unali utakokoloka, mabasi ndi magalimoto onse aime pomwe ali. Anabwereza kawiri, kachiwiriko osadikira ine. Atamaliza anati, "Zikomo mwana wanga," n'kupitiriza nkhani yachisanu pa mawu enieni amene anasiyira, mpaka kukafika ku zamasewero.

Nyali yofiira ya pakamera itazima palibe anasuntha. Wojambula wathu wamkulu, amene timamutcha Chimphona chifukwa amalowa pakhomo chammbali, anali kulira ngati mwana, kamera ataikumbatira. Wotsogolera pulogalamu anatsika, anafika pa Bambo, kukamwa kuli yasa, n'kungofunsa kuti, "Zonse zija, masiku onsewa, pamtima?" Bambo anayankha kuti, "Nanga ndikanaziika pati?" Mafoni a pa ofesi analira mpaka madzulo. Ena akuti basi ina inaima pafupi ndi mlathowo chifukwa mayi wina ankaonera pafoni. Ngati n'zoona sindikudziwa, anthu amakonda kuthira mchere.

Abwana atatiitana ndinali nditalongedza kale zanga. Koma iwo anangoti Bambo apatsidwe kachipangizo ka m'khutu, ine ndiziwawerengera ndili kuseri. Panjira Bambo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Zaka ziwiri ndikuloweza ngati mwana wa sukulu, chikhalirecho mankhwala ake kunali kungopempha!"

Ine sindinaseke kwambiri, chifukwa pali china chimene kanemayo sanaonetse. Zithunzi zonse za ana zimene mwakhala mukutumiza, Bambo sanazionepo. Pamene ankakuuzani pafoni kuti wamng'onoyo watenga mphuno ya malemu Amayi, ndine ndinawauza. Pamene anati wamkuluyo yunifolomu ikumukhala, ndine. Chaka chatha mutanena kuti mubwere, iwo n'kukukanizani kuti musawononge tchuthi chanu, ankaopa kuti mudzawagwira. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinakhala chete. Ndinasunga mawu a Bambo n'kukuberani inu zaka ziwiri. Mundikhululukire, kapena mundikalipire, zonse ndilandira, koma mudzachite zimenezo muli kuno.

Dzulo tinapita kwa dokotala, ulendo uno mosabisala. Diso lakumanja linatha. Lakumanzere likuonabe pang'ono, munthu akaima pafupi kwambiri, pazenera, dzuwa la m'mawa likumuwomba kumaso. Dokotala akuti zimenezo zikhoza kufika mwezi wa Ogasiti, kupitirira apo sakulonjeza.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chipinda ndakonza kale. Ana muwapsompsone. Azakhali akupereka moni, akuti anaonera ali ku saluni ndipo anatuluka tsitsi lili theka. Bambo ali pano pamene ndikulemba, ndawawerengera kalata yonseyi ndipo sanachotsemo kanthu. Ati ndikuuzeni kuti mayina a adzukulu awo, masiku awo obadwa ndi mawu awo, zonse anaziloweza. Nkhope zokha ndi zimene munthu sangaloweze asanazione. Ati mubwere nawo, ndipo mufike m'mawa.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa m'nyumba