Tebulo la Tiyi la Bwana Mawa

Lolemba, 2 Juni

Chiyambire ntchito muno, chachikulu chomwe ndachita n'kufotokopa. Digiri yonse ija! Koma lero zasintha. Bwana Mawa (chilichonse ukawafunsa amati "tiona mawa", dzina linachokera pamenepo) anena kuti ndili m'gulu lopita kunja mwezi wamawa, kumsonkhano wa mayiko wa pangano loyendetsa malonda a zida. Ndinakavinira kuchimbudzi kuti anthu asandione. Ndege, amayi inu!

Andipatsa ntchito yolemba lipoti la dziko lathu. Funso lina likuti: kodi mfuti za boma zimadindidwa chizindikiro, kuti ikabedwa kapena ikadutsa malire idziwike kwawo? Ndawafunsa Bwana. Akuti, "Lembani kuti ntchito ili mkati, mayi."

Lachiwiri, 3 Juni

Bokosi lathabwa lili pakhomo pa ofesi ya Bwana, lomwe tinaliyalira nsalu n'kumaikapo makapu ndi fulasiki, si tebulo ayi. Muli makina odindira mfuti. Anatipatsa mayiko anzathu chaka chapita chija. Sanatsegulidwe chifukwa katundu wamphatso sagwira ntchito nduna isanadule riboni. Tsiku likapezeka nduna isinthidwa, yatsopano ifuna tsiku lake. Ine ndakhala ndikusakanizira shuga pamwamba pake osadziwa.

Lachinayi, 5 Juni

Ndinadzera kugolosale kwa achimwene. Akuvutikabe kutsegula katoni ndi dzanja limodzi, lamanja lija lidafota chiwaomberereni akuba. Mfuti yake apolisi anaipeza, koma palibe anadziwa kuti inalowa bwanji m'dziko muno, kapena inatuluka m'nkhokwe ya ndani.

Nditawauza za bokosi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye iwe ukakwere ndege kukanena kuti zili mkati? Undigulireko chipewa kumeneko."

Zinandiwawa. Sindinaonetse.

Lachisanu, 6 Juni

Ndapempha Bwana kuti tingoliyesa. "Kuthamanga sikufika, mayi. Tiona mawa." Mawa ndi Loweruka.

Lolemba, 9 Juni

Ndachita.

Bwana anali kumsonkhano tsiku lonse. Ndinaimbira a Sajeni, osunga nkhokwe ya mfuti, omwe anaphunzitsidwa makinawa kalekale koma sanawagwirepo. Poyamba anakana. "Mwanawe, ine ndatsala pang'ono kupuma, usandipsetsere penshoni." Ndinati ndine ndawalamula, akafunsidwa atchule ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Wandilamula? Iwe?" Kenako anakatenga chitsulo chozulira misomali.

Makapu tinawaika pansi. Makina tinawanyamulira kunkhokwe pa galimoto yawo. Amalira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, kasingano kakugogoda chitsulo, ndipo pakutha pake zilembo za dziko lathu ndi nambala zili mbee pa mfuti. Ndinapitsapo chala. A Sajeni anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Tinadinda shelefu yonse yoyamba. Manja anga akununkhabe mafuta.

Lachiwiri, 10 Juni

Chinandiulula ndi tiyi. Bwana anaika fulasiki, bokosi n'kumveka phwa, lopanda kanthu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatseka chitseko n'kunena motsitsa kuti ofesi ya nduna ikamva kuti mphatso yayamba ntchito popanda mwambo, wofunsidwa ndi iwo, osati ine. Akuti akazembe a mayiko opereka makinawo analonjezedwa chithunzi. "Mwandivula pagulu, mayi." Ndinati lipoti tsopano likhoza kunena zoona. Anati, "Zoona zili ndi ndondomeko yake."

Za ulendo sanatchule. Ine sindinafunse.

Lachitatu, 11 Juni

Zodabwitsa: tsiku la riboni lapezeka. Lachisanu! Zomwe zinakanika chaka chonse zatheka m'mawa umodzi, kuti nkhani isamveke kaye. Tabweza makina m'bokosi, a Sajeni akhomanso misomali m'mabowo ake omwewo. Akuti, "Tikumuikanso m'mimba mwana wobadwa kale." Ine ndatumidwa kukagula riboni.

Lachisanu, 13 Juni

Nduna yadula. M'manja, zithunzi. Anaipatsa mfuti kuti idinde "yoyamba m'mbiri ya dziko". A Sajeni anasankha yapashelefu yachiwiri, nkhope ili gwa, osandiyang'ana n'komwe. Ndinadziluma lilime.

Madzulo Bwana anandiitana. Dzina langa lachotsedwa pa ulendo, kupita wina wa ku akaunti. "Popeza makina mumawakonda, kuyambira Lolemba muzikagwira kunkhokwe, mpaka mfuti zonse zitadindidwa." Ndinafunsa kuti zilipo zingati. Anamwetulira. "Mukaona."

Ndinalira m'chimbudzi chomwe chija ndinavinira. Pasipoti ndaibweza pansi pa sutikesi.

Lolemba, 16 Juni

Kunkhokwe kulibe windo. Mashelefu mpaka kudenga, ndipo akuti mfuti zina zili m'maboma. Ovolosi yomwe andipatsa ndi yaikulu, ndapinda manja kawiri.

Masana achimwene anaimba. "Chipewa changa chija?" Ndinati palibe, ndege yandisiya. Kenako akuti, "Nanga chikulira kumbuyo kwakocho n'chiyani?"

Ndinayandikitsa foni pa makina kuti amve bwino. A Sajeni anali atandipatsira kale mfuti ina.